Mmisiri Wobisika Kuseri kwa Tsamba

Caka catha, nthawi yokolola itayandikira, ndinapita kumudzi kukaona atsibweni anga, ndipo m'cikwama canga ndinawatengera magazini ya zaulimi imene ndinagula m'tauni. Inali magazini yokongola kwambiri, ya pepala lonyezimira, yodzaza zithunzi za mitundumitundu kuyambira pacikuto mpaka kumapeto. Cimene ndinaigulira cinali nkhani imodzi yofotokoza kasungidwe ka cimanga ndi muyeso wa mankhwala othira m'thumba kuti anankafumbwe asalowe, pakuti dzinja la m'mbuyo mwake nkhalambayo inataya cimanga cambiri m'nkhokwe.

Atsibweni anakhala pa mpando wao wa ndalema m'tsinde mwa mtengo wa mango, navala magalasi ao akale, natsegula. Anasendeza magaziniyo pafupi ndi mphuno, kenaka anaitalikitsa mpaka mkono unaongoka, kenaka anaipendeketsa kuti dzuwa lisanyezimire papepala. Potsiriza anaitseka nandibwezera.

"Mphwanga," anatero, "ine sukulu ndinapitako, ndipo kalata ndiwerenga ndekha. Koma izi si zilembo iai. Ici ndi ciswe cimene cagwera m'ndiwo za masamba."

Ndinaitenga n'kuyang'ana, ndipo ndinaona kuti sanali kunama. Nkhani yonse inalembedwa ndi tizilembo toyera, tating'ono ndi toonda, pamwamba pa cithunzi ca munda wobiriwira. Pamene panali tsamba la cimanga lowala ndi dzuwa, zilembo zinazimiririka, ndipo manambala a muyeso wa mankhwala, amene anali mtima wa nkhani yonse, anagwera ndendende pamalo otere. Wolemba nkhaniyo anali wodziwa zimene anali kunena. Wojambula cithunzi nayenso anagwira bwino nchito yake. Amene anawamana atsibweni nzeru imeneyi anali munthu wacitatu, amene owerenga ambiri sadziwa n'komwe kuti aliko: mmisiri woyala masamba.

Kodi ndani ameneyu? Mlembi akatha kulemba, mkonzi akatha kudulira ndi kuongola, nkhani ikhala ikali ngati njerwa ndi mitengo zounjikidwa pabwalo. Pafunika wina woti azimange kuti zikhale nyumba yolowamo munthu. Iye ndiye asankha mtundu wa zilembo ndi kukula kwake, agawa tsamba m'madanga awiri kapena atatu, aganiza pamene mutu wa nkhani udzakhala, cithunzi citi cikule, citi cicepe, ndi malo ati atsale opanda kanthu. Akagwira bwino nchito yake palibe amutama, pakuti wowerenga angomira m'nkhani osazindikira kuti wina anamulambulira njira. Mai wina wa ku America wogwira nchito ku kampani ya Monotype ku London, Beatrice Warde, anafotokoza zimenezi m'caka ca 1930 ndi fanizo la cikho: munthu wodziwa vinyo sasankha cikho ca golide koma ca galasi loyera, cifukwa cimene afuna kuona ndi cakumwaco, osati comwera. Kwa mai ameneyu zilembo zabwino ndi zimene sizidzionetsa. Pa thupi la nkhani ine ndigwirizana naye ndi mtima wonse, ngakhale kuti pa mitu ndi pacikuto zilembo ziyenera kukweza mau pang'ono.

Zilembo za mtovu

Mavuto a mmisiri ameneyu ndi akale monga kusindikiza kwenikweniko. Ku China ndi ku Korea anthu anayamba kale kusindikiza ndi zilembo zocotseka cimodzicimodzi, koma ku Ulaya luso limeneli linayamba ndi Johannes Gutenberg wa mumzinda wa Mainz ku Germany, amene ca m'ma 1455 anatsiriza kusindikiza Baibulo la Cilatini, makope pafupifupi 180. Iye anali kusungunula mtovu wosakaniza ndi zitsulo zina, nauthira m'kacikombole monga momwe tiumbira njerwa, ndipo m'kacikomboleko munali kutuluka cilembo cimodzi. Masamba a Baibulo lija anali a madanga awiri, danga lirilonse mizere 42. Cimene cidabwitsa amisiri mpaka lero ndi kuongoka kwa madangawo: mizere ithera pamalo amodzi kudzanja lamanja ngati khoma lomangidwa ndi cingwe, komabe mipata ya pakati pa mau ndi yolingana bwino. Cinsinsi cake cinali cakuti Gutenberg sanaumbe zilembo za alifabeti zokha. Anaumba zizindikiro pafupifupi 290: cilembo comweco cina conenepa cina coonda, zilembo ziwiri zolumikizana, ndi zidule za mau, kuti mzere ukatalika aufupikitse, ukafupika autalikitse, popanda kusiya mabowo. Owerenga asunge cimeneci m'mutu, cifukwa ndi vuto lomweli limene lisautsa Cinyanja pa kompyuta lero.

Kwa zaka zoposa 400 woyala zilembo anali kuimirira patsogolo pa mabokosi a tizipinda tambirimbiri, natola cilembo cimodzicimodzi ndi zala, naciika m'kacitsulo kogwira kudzanja lamanzere, cozondoka ndi coyang'ana kumbuyo monga zioneka zinthu pa galasi loonera nkhope. Zilembo zazikulu zinali m'bokosi la pamwamba, zazing'ono m'bokosi la pansi, ndipo pofuna kutalikitsa mizere anali kulowetsa timapale ta mtovu pakati pake. Nchitoyi inafulumira m'caka ca 1886, pamene nyuzipepala ya New York Tribune inayamba kugwiritsa nchito makina a Ottmar Mergenthaler ochedwa Linotype. Munthu anali kukhala pansi n'kumadinda mabatani, amene onse pamodzi anali 90, makina n'kuumba mzere wathunthu wa mtovu nthawi imodzi.

Nyuzipepala imene inadzudzulidwa

Zilembo zimene ambiri a ife tazolowera pa makalata a m'maofesi zinabadwa cifukwa ca cidzudzulo. M'caka ca 1929 katswiri wa zilembo Stanley Morison, mlangizi wa kampani ya Monotype, anauza eni nyuzipepala ya The Times ya ku London kuti nyuzi yao inali yosindikizidwa moipa ndiponso yooneka yacikale. M'malo mopsa mtima, eniakewo anamupatsa nchito yoti akonze. Morison anayang'anira, ndipo Victor Lardent, wojambula wa m'cigawo ca zamalonda ca nyuzipepalayo, anajambula zilembozo ndi dzanja. Pa 3 October 1932 The Times inatuluka ndi zilembo zatsopano zochedwa Times New Roman, ndipo inakhala nazo zaka 40.

Vuto limene anafuna kuthetsa linali la nyuzipepala iriyonse: kulowetsa mau ambiri m'danga lopapatiza, ndi zilembo zazing'ono koma zowerengeka. Motero anapanga zilembo zopanikizika pang'ono m'mbali, koma matupi a zilembo zazifupi monga a, e ndi o anawakweza kuti asacepe kwambiri poyerekeza ndi b kapena d. Cilembo cotere diso liciona ngati cacikulu kuposa muyeso wake weniweni. Kunsonga kwa mizati ya zilembozo kuli timicira tating'ono takuthwa, ndipo popeza The Times inali kusindikizidwa pa pepala labwino kuposa la nyuzi zambiri, timicira ndi timizere toonda sitinali kufafanizika. Pamene kampani ya Microsoft inaika zilembo zimenezi m'pulogalamu yake ya Windows mu 1992, zinalowa m'ofesi iriyonse, ndipo zinayamba kugwira nchito imene sizinapangidwire. Tengani pepala la A4, la mamilimita 210 m'lifupi mwake, mulembe mizere yocokera kumphepete kufika kumphepete ndi Times yaing'ono: mzere umodzi udzanyamula zilembo zoposa 100. Diso likafika kumapeto, pobwerera kumanzere lisokera, n'kuwerenganso mzere womwewo kapena kudumpha umodzi. Kambwiri n'kabwino pobzala mbeu, koma munthu sagaula nako mphanje.

Ziripo zilembo zina zopanda timicira, monga Helvetica imene Max Miedinger anajambula ku Switzerland mu 1957. Amisiri ambiri a magazini aika za timicira pa nkhani yeniyeni ndi zopanda timicira pa mitu ndi pa mau a m'munsi mwa zithunzi, kuti diso lisiyanitse msanga. Pali anthu amene akangana kwambiri za mtundu umene uwerengeka bwino pa iwiriyi, koma ine ndiona kuti mkanganowo ndi wa anthu a maso akuthwa. Kwa atsibweni anga nkhani yaikulu ndi kukula. Zilembo ziyesedwa ndi muyeso wochedwa pointi, ndipo mapointi 72 akwana inchi imodzi. Magazini ambiri alemba nkhani zao ndi mapointi 9 kufika 11, pamene mabuku okonzedwera anthu a maso ofooka ayambira pa 16. Tsono munthu akapitirira zaka 40, diso lake liyamba kulephera kuona bwino zinthu zapafupi. Si matenda iai, ndi ukulu cabe. Wa m'tauni agula magalasi oyenera. Kumudzi ambiri alibe, kapena avala amene anagula zaka khumi zapitazo, ndipo awerenga madzulo atacoka kumunda, pa kuwala kwa koloboi kapena kwa kanyali ka pa foni. Mnyamata wa zaka 25 woyala tsamba pa kompyuta yowala, amene akhoza kulikuza kawiri podinda batani limodzi, saona cimene wowerenga ameneyu adzaona.

Mau athu ndi aatali

Apa ndi pamene cinenero cathu ciri ndi nkhani yakeyake. Robert Bringhurst, m'buku lake la 1992 lonena za luso la zilembo, alangiza kuti mzere wabwino ukhale ndi zilembo 45 kufika 75, kuwerengera ndi mipata yomwe, ndipo pa tsamba la madanga angapo 40 kufika 50. Malangizo amenewa ayenda bwino m'Cingerezi, cimene mau ake ambiri ndi afupiafupi. Koma ife timanga ciganizo cathunthu m'liu limodzi. Taonani liu lakuti "sitidzakumananso": zilembo 16, ndipo m'menemo muli kukana, muli eni nkhani, muli nthawi ya m'tsogolo, mulinso kubwereza. Mngerezi afunika mau asanu kuti anene zomwezo. Onjezanipo "cimodzimodzi", "akuluakulu" ndi "mosiyanasiyana", ndipo mudzaona kuti m'danga lopapatiza la zilembo 30 mulowa mau awiri kapena atatu basi.

Ndiye woyala tsamba akalamula kompyuta kuti mizere yonse ithere pamodzi kudzanja lamanja monga ya Gutenberg, kompyutayo sicita monga anacitira Gutenberg. Njira yake yapafupi ndi kutanula mipata. Mzere wa mau awiri usanduka liu limodzi kumanzere, lina kumanja, pakati cigwa. Mipata yotere ikalondolana pa mizere isanu kapena isanu ndi umodzi, pa tsamba paoneka kanjira koyera kotsetsereka, kamene amisiri a ku Ulaya akacha mtsinje. Wowerenga wozolowera aoloka osaganiza. Koma amene anaphunzira kuwerenga atakula, woyendetsa cala pansi pa mau, aima pa cigwa ciriconse poyesa kuti ciganizo catha, ndipo akafika pansi pa danga waiwala za pamwamba.

Pothawa zimenezi mmisiri akhoza kukuza danga, tsamba likhale la madanga awiri m'malo mwa atatu, kapena kulola kuti mizere ithere pamene yathera, kudzanja lamanja kukhale kosadulira ngati mpanda wa udzu. Ena aona ngati tsamba lotere ndi losalongosoka, koma mipata yake ikhala yolingana, ndipo ine ndilikonda. Njira ina ndi kudula mau kumapeto kwa mzere, ndipo apa ndi pamene pagona ngozi. Liu la Cinyanja lidulidwa potsata maphatikizo ake, ndipo phatikizo lathu lithera pa a, e, i, o kapena u, kupatula m woima yekha wa m'mau onga mtengo. Tidula mu-nthu, ku-mbu-ki-ra, nkho-kwe. Kompyuta imene ikali kuyesa kuti nkhaniyo ndi ya Cingerezi idula mwa Cingerezi, n'kukupatsani mun-thu ndi kum-bukira, ndipo mwana wa sukulu amene anaphunzira ma, me, mi, mo, mu akodwa pomwepo. Mmisiri wosamala azimitsa kudula kwa makina nadula yekha, mzere ndi mzere. Ndi nchito yotopetsa maso, ndipo palibe wowerenga adzamuthokoza.

Palinso kacizindikiro ka m'mwamba kaja, kamene aphunzitsi akacha nkhodolero. Wosadziwa cinenero akayesa kacitsotso, ndipo pa mutu wa nkhani akacotsa kuti mutuwo ukongole. Akakacotsa, ng'oma ya kugule isanduka ngoma ya m'chire, ndipo nkhani ya cikondwerero inena kuti anyamata anaomba nyama usiku wonse. Pali cilembo ca w wovala kacisoti, ŵ, cimene cioneka m'dzina la Malaŵi ndi m'Citumbuka. Mitundu yambiri ya zilembo zokongoletsa iribe cilembo cimeneci, ndipo kompyuta ikacisowa iika kabokosi kopanda kanthu kapena ibwereka ŵ wa mtundu wina, wooneka ngati mlendo pakati pa anzake. Mwai wathu ndi wakuti anthu a ku Wales naonso ali naco m'cinenero cao, ndiponso ciri m'ndandanda wa Unicode, umene kuyambira 1991 wakhala ukupatsa zilembo za zinenero za padziko manambala ake ake. Motero mitundu yodziwika bwino iri naco, koma wanzeru ayamba wayesa asanasankhe. Bungwe la SIL linapanga mtundu wa zilembo wochedwa Andika, dzina locokera ku liu la Ciswahili la kulemba, wokonzedwera ophunzira kuwerenga: a ndi g wake afanana ndi amene mphunzitsi alemba pabolodi, l sasokonezeka ndi I wamkulu kapena ndi 1, ndipo uperekedwa kwaulere.

Cina cimene ticidziwa ife a m'malire ndi ici. Kuno ku Zambia, potsata kalembedwe kamene Unduna wa Maphunziro unavomereza n'kufalitsa mu 1977 pa zinenero zisanu ndi ziwiri, tilemba c pamene a ku Malaŵi alemba ch, ndipo ch wathu ndiye tch wao. Nkhani ikacokera kutsidya, woyala tsamba wofulumira alamula kompyuta kuti isinthe ch aliyense akhale c. M'kamphindi zonse zatha: "ntchito" wao wasanduka "ntcito", liu losapezeka m'dziko lirilonse la awiriwa, ndipo mzinda wa Chipata wasanduka cipata ca khola.

Malo opanda kanthu

Cinthu cimene eni magazini avutika kumvetsa ndi malo opanda kanthu. Pepala ndi ndalama, ndipo kwa wolipira danga loyera lioneka ngati munda wosalimidwa. Munthu amene anaonetsa poyera phindu la malo otere ndi Alexey Brodovitch, wobadwira m'ufumu wa Russia mu 1898, amene anayang'anira kaonekedwe ka magazini ya Harper's Bazaar ku New York kuyambira 1934 mpaka 1958. Masiku amenewo masamba a magazini ambiri anali odzaza ngati basi ya pa Khrisimasi, cithunzi ciriconse m'kabokosi kake. Brodovitch anaona kuti munthu akatsegula magazini saona tsamba limodzi koma awiri oyandikana, motero anali kuwayala ngati cinthu cimodzi. Anali kulola cithunzi kusefukira mpaka kumphepete kwa pepala, kucidula molimba mtima kuti patsale cofunika cokha, ndi kusiya malo aakulu oyera kuti diso lipume. Anali kuganizanso za ulendo wa wowerenga m'magazini yonse: pambuyo pa masamba odzaza mau pabwere otakasuka, pambuyo pa cithunzi cacikulu pabwere tating'ono, monga woomba ng'oma asinthira mkokomo kuti ovina asatope.

Wina anganene kuti imeneyo inali magazini ya zovala za anthu olemera, ife sizitikhudza. Koma taonani za Drum. Inayamba mu 1951 ku Cape Town ndi dzina lakuti The African Drum, yodzaza nkhani za miyambo ndi nthano zimene eni ake Azungu anayesa kuti anthu akuda adzazikonda, ndipo malonda sanayende. Itasamukira ku Johannesburg m'manja mwa Jim Bailey ndi mkonzi Anthony Sampson, inasintha nkhani zake ndi nkhope yake yomwe: moyo wa m'makomboni, masewera a nkhonya, nyimbo za jazi, ndi zithunzi zazikulu zojambulidwa ndi Jürgen Schadeberg pamodzi ndi anyamata amene anaphunzira pafupi naye, monga Bob Gosani ndi Peter Magubane. Mu 1952 Henry Nxumalo analemba za nkhanza za m'mafamu a mbatatesi a ku Bethal, ndipo mu 1954 zithunzi za Gosani zinaonetsa akaidi akuvinitsidwa ali malisece m'ndende ya Fort ku Johannesburg. Zithunzi zotere zikanapanikizidwa pa ngodya n'kucepa ngati sitampa, anthu akanangopitirira. Zinapatsidwa malo, ndipo ngakhale wosadziwa kuwerenga anaimva nkhaniyo.

Amisiri a magazini adziwa kuti wowerenga sayambira pa ndime yoyamba. Ayamba waona cithunzi, kenaka mutu, kenaka timau ta m'munsi mwa cithunzi, ndipo akakopeka m'pamene alowa m'nkhani. Ndiye cifukwa cake mutu uloledwa kukweza mau. Koma pa tsamba limodzi wokweza mau akhale mmodzi. Zinthu zisanu zikafuula pamodzi, pakhala phokoso la pamsika, ndipo diso lisowa poyambira.

Komabe wolipira pepala ali ndi mfundo yake, ndipo tisamunyoze. Magazini yomangidwa ndi timawaya pakati ipangidwa ndi mapepala opindidwa pawiri, ndipo pepala lirilonse lipereka masamba anai. Conco masamba ayenda anaianai, 28, 32, 36, ndipo simungaonjeze limodzi lokha. M'magazini ya masamba 32, tsamba 1 lisindikizidwa pambali pa tsamba 32, tsamba 2 pambali pa 31, mpaka pakati. Nkhani ikasefukira ndi ndime ziwiri, mkonzi ayenera kulipira masamba anai atsopano, kapena kudula nkhani, kapena kucepetsa zilembo. Kawirikawiri asankha kucepetsa zilembo, cifukwa njira imeneyi sikhumudwitsa mlembi ndipo sidya ndalama. Amene imukhumudwitsa ndi nkhalamba ya kumudzi, imene sidzalemba kalata yodandaula. Ine ndikanakhala mkonzi ndikanadula nkhani. Sindinaonepo nkhani, ngakhale yanga inoyi, imene ingafe cifukwa coicotsa ndime ziwiri.

Za zilembo zoyera pamwamba pa cithunzi, cifukwa cokanira ndi ca makina enieniwo. Cithunzi ca mitundu cisindikizidwa ndi inki zinai, ya mtundu wa thambo, yofiirira, yacikasu ndi yakuda, iriyonse pa nthawi yake. Cilembo coyera sicisindikizidwa konse: ndi kabowo kosiyidwa m'inki zinaizo kuti pepala lioneke. Pepala likasuntha pang'ono pokha, ngakhale mtunda wa tsitsi limodzi, kapena likamwa inki n'kuifalitsa, kabowoko katsekeka. Cilembo cacikulu ca pa mutu cipirira zimenezi, koma kacilembo koonda ka mapointi 8 kafa. Zithunzi nazo ziri ndi lamulo lao: pa makina osindikizira zifuna timadontho pafupifupi 300 pa inchi iriyonse, ndipo cithunzi cimene cadutsa pa WhatsApp kangapo, ngakhale cioneke bwino pa foni, cikakuzidwa pa tsamba cituluka ngati cojambulidwa m'nkhungu.

Nyumba ya mtovu pa thebulo limodzi

Mu 1985 zinthu zitatu zinakumana: kompyuta ya Macintosh ya kampani ya Apple, makina ake osindikizira a LaserWriter, ndi pulogalamu ya PageMaker ya kampani ya Aldus imene Paul Brainerd anayambitsa ku Seattle. Dzina la kampaniyo analitenga kwa Aldus Manutius, wosindikiza wa ku Venice amene mu 1501 anayamba kutulutsa timabuku tonyamula m'manja ta zilembo zopendekera. Nchito imene inali kufuna nyumba yodzaza mtovu, kapena malumo ndi zomatira za anthu odula ndi kumata mapepala, inalowa pa thebulo limodzi. Pambuyo pake kunabwera QuarkXPress mu 1987 ndi InDesign mu 1999, ndipo lero ngakhale pa foni munthu akhoza kuyala tsamba.

Cimeneci ndi cinthu cabwino, pakuti sukulu, kwaya kapena kalabu ya alimi ikhoza kutulutsa kanyuzi kake popanda kugwadira munthu. Koma kale munthu asanaloledwe kuyala tsamba yekha anali kukhala zaka pansi pa mmisiri wamkulu, ndipo bokosi la zilembo linali lodula kotero kuti nyumba yaing'ono yosindikizira inali ndi mitundu yowerengeka cabe. Umphawi umenewo unali kuteteza wowerenga. Lero mitundu ya zilembo ndi mazanamazana, yambiri yaulere, ndipo wophunzira afuna kuilawa yonse pa tsamba limodzi ngati mwana amene wapeza kabati ya shuga yosatseka: mutu wopindika ngati utawaleza, zilembo za mithunzi, ndi ndime yathunthu ya zilembo zazikulu zokhazokha poganiza kuti ndiyo idzamveka. Miles Tinker wa pa yunivesite ya Minnesota, amene anayesa liwiro la owerenga kwa zaka zambiri nafalitsa zimene anapeza m'buku mu 1963, anaona kuti nkhani ya zilembo zazikulu zokhazokha iwerengedwa mocedwa kuposa ya zazing'ono. Mitundu iwiri ya zilembo ikwana pa magazini yonse, ndipo tsamba lisanapite kumakina liyenera kusindikizidwa pa pepala, pa kukula kwake kwenikweni, n'kupatsidwa kwa munthu wamkulu kuposa onse a pa ofesipo kuti aliwerenge dzuwa litapendeka.

Ine nditabwerera m'tauni ndinakopera nkhani ya anankafumbwe ija pa kompyuta, ndi zilembo zakuda za mapointi 16 pa pepala loyera wamba, madanga awiri, ndipo manambala a muyeso ndinawaika pa mzere waowao. Inatenga mapepala atatu m'malo mwa limodzi. Ndinatumiza ndi mwana wa mlongo wanga amene anali kupita kumudzi. Patapita milungu iwiri atsibweni anandiimbira pa foni ya mnansi wao. Anati nkhani yonse aiwerenga kawiri, mankhwala agula, ndipo cimanga ciri m'matumba. Kenaka anatsokomola pang'ono.

"Koma mphwanga," anatero, "pa pepala laciwiri, mzere wacitatu kucokera pansi, walemba 'nkokwe'. Nanga h uja unamusiya kuti?"